Kuyankha Foni Manja Ali Pachiwongolero: Uthenga kwa Madalaivala a ku Chileka ndi Lirangwe

Dalaivala wa takisi wodikira alendo pabwalo la ndege la Chileka, ngakhalenso wa minibasi ya Blantyre, Lunzu mpaka Lirangwe, ntchito yake imayendera foni. Kasitomala akuimba, bwana akufunsa ndalama ya tsiku, kunyumba nako ndiwo zatha. Koma dzanja logwira foni lasiya chiwongolero, ndipo apolisi a pamsewu akakupezani, ndi chindapusa. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, galimoto imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Mukayang'ana foni masekondi atatu okha, mwayenda mamita 50 osaona msewu.

Pali tizipangizo ta Bluetooth totengera mawu a foni kumasipika a galimoto, inu n'kumalankhula pamaikolofoni. Wailesi yobwera ndi galimoto simuichotsa ayi.

Musanagule kanthu

Galimoto zambiri kuno, Sienta, Probox, Freed, Hiace, zidachokera ku Japan. Mawailesi ena a m'galimotozi ali nayo kale Bluetooth, kungoti zolemba zake n'zachijapani. Onani ngati pachiwongolero pali batani la chithunzi cha foni. Kamera ya Google Translate ikhoza kukuwerengerani zolembazo. N'zachisoni kutaya ndalama pa chinthu chomwe chili kale m'dashibodi.

Ngati wailesi ili ndi kabowo kolembedwa AUX, mwayi ndi wanu. Gulani kolandirira Bluetooth kokhala ndi maikolofoni, mubaye pamenepo, basi. Mawu ake amamveka bwino kuposa a modulator, yomwe tikambe pansipa.

Modulator ndi wailesi ya ku Japan

Ambiri amagula modulator, ija yobaya poyatsira ndudu. Imalandira mawu kufoni n'kuwaulutsa pa FM ngati kanyumba kakang'ono ka wailesi. Apa ndi pomwe anthu amasokonezeka. Modulator imaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108, pamene mawailesi ambiri a ku Japan amagwira kuyambira 76 kulekeza 90. Mukaitchera pa 100, wailesi siimva chilichonse, inu n'kubwerera kwa wogulitsa kuti wakupatsani yakufa. Itchereni pakati pa 87.5 ndi 90, pa nambala yomwe palibe nyumba youlutsa mawu, ndipo wailesi muiike pa nambala yomweyo.

Ngati galimoto idaikidwa band expander kuti izigwira mawailesi akuno, manambala amasuntha: yomwe ikuoneka pawailesi siifanana ndi ya pamodulator. Lizani nyimbo pafoni, sakani pang'onopang'ono mpaka muipeze, kenaka isungeni pabatani limodzi. Nambala yachete ku Chileka ikhoza kuyamba phokoso mukamatsikira ku Mdeka ndi Zalewa, choncho sungani ziwiri. Eni malole aonenso kuti modulator yalembedwa 24V, poti zina ndi za 12V zokha.

Yolumikiza kuseri kwa wailesi

Bluetooth yolumikiza ndi mawaya kuseri kwa wailesi ndiye yolimba kwa woyenda tsiku ndi tsiku, chifukwa foni ikalira imatontholetsa yokha nyimbo. Ntchitoyi ipatseni wodziwa zamagetsi a galimoto, koma muimirire pomwepo. Ayambe wachotsa waya wa (–) pabatire. Zisanatero funsani ngati wailesi yanu imafuna nambala yachinsinsi ikazimitsidwa moto, poti ina imadzitseka osayakanso.

Pamawaya a kachipangizoka, nthawi zambiri wachikasu ndi wa moto wosazima, wofiira ndi wa moto wobwera mukatembenuza kiyi, wakuda ndi wa kuchitsulo. Mitundu ya mawaya a Toyota kapena Honda siitsata zimenezi, ndiye ayeze ndi mita, asalote. Akaika wofiira pamoto wosazima, kachipangizo kamadya batire usiku wonse, m'mawa n'kuyamba kupempha anthu akukankheni. Fyuzi ikhalepo. Mawaya a galimoto asadulidwe: pali mapulagi olumikizira opangidwira mitundu yosiyanasiyana ya galimoto. Zopotokola mawaya n'kukulunga tepi zikaneni, pakuti mabampu a msewu wafumbi amazimasula, ndipo moto wa m'dashibodi umayambira pamenepo. Mapulagi achikasu chowala pafupi ndi chiwongolero ndi a airbag, asawakhudze.

Maikolofoni ikhale m'mwamba pafupi ndi galasi loonera kumbuyo, yoloza kukamwa kwanu, kutali ndi sipika, windo ndi potulukira mphepo. Ikayandikira sipika, mnzanu amadzimva yekha kawiri. Musanalipire, imbirani munthu injini ikulira, mumufunse ngati akukumvani.

Ngozi siinathe

Bungwe la World Health Organization limati woyendetsa galimoto akugwiritsa ntchito foni ali pachiopsezo cha ngozi pafupifupi kanayi kuposa wosagwiritsa, ndipo kulankhula osagwira foni sikuchepetsa kwenikweni chiopsezocho. Manja ali pachiwongolero, inde, koma mutu uli kunkhani. Kachipangizoka n'koyankhira mwachidule: ndili pa Kameza, ndikubwera. Nkhani ya ngongole kapena ya maliro, patukani muime. Za WhatsApp ndi kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, galimoto ikhale itaima.

Mukamadutsa pamsika wa Lunzu kapena wa Lirangwe, pomwe akabaza, ana ndi ogulitsa tomato ali m'mphepete mwa M1, foni ilire mpaka isiye yokha. Mudzaimba mukatsitsa anthu.