Madzi Amphamvu Kwambiri Amaphulitsa Mapaipi

Kwathu kuno ku Lifidzi, Domwe ndi midzi ya m'malire ndi kumapiri. Madzi akamatsika kuchokera m'thanki ya pamtunda, mphamvu yake imakula: akatsika mamita 10 aliwonse, imawonjezeka ndi bar imodzi. Panyumba bar 3 ndi zokwanira. N'chifukwa chake mapaipi a nyumba za kumunsi ndiwo amayamba kuphulika.

Mudzazindikira vutoli mukaona mpopi ukudontha chitsekereni, paipi ikugunda mukatseka mwadzidzidzi, kapena nthaka ikunyowa pamene padutsa paipi.

Musazitenge mopepuka. Madzi akasiya kutuluka, paipi yong'ambika imayamwa madzi auve a m'nthaka, makamaka pafupi ndi chimbudzi. Kolera, yomwe inasautsa Malawi ndi chigawo cha Tete mu 2023, imatha kulowa m'nyumba mwanjira imeneyi.

Chitani izi:

1. Tsekani mpopi pang'onopang'ono, ndipo aphunzitseni ana kutero.
2. Kwirirani mapaipi apulasitiki mozama, kuopa dzuwa ndi khasu.
3. Itanani mmisiri aike vavu yochepetsa mphamvu ya madzi.
4. Paipi ikaphulika, uzani komiti ya madzi tsiku lomwelo.

Ikangokonzedwa, wiritsani madzi akumwa kapena thiranimo Certeza.