Kusankha Matayala ndi Ma Shock a Galimoto Yakale m'Chigwa cha Shire

Galimoto zambiri zamtundu wa Hilux Surf, Prado, Pajero, RAV4 ndi X-Trail zimene zimayenda m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje zidafika kuno zitagwira kale ntchito zaka zingapo ku Japan. Eni ake ambiri si anthu achuma, ndipo kuyambira pamene kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zipangizo za galimoto zidakwera mtengo kwambiri. M'chimangirizo chino ndifotokoza zimene ndaphunzira pothandiza amalume anga kusamala Hilux Surf yawo ku Ngabu. Mfundo yanga ndi yakuti munthu wa ndalama zochepa aziyamba waganizira kutentha kwa kuno ndi katundu amene amanyamula, mtengo ubwere pambuyo.

Msewu wa M1 umatsetsereka mokhotakhota kuchoka ku Blantyre kufika pa Thabwa, n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kenako n'kulambalala m'chigwa kudzera ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula mpaka ku Nsanje. Mu October ndi November kutentha kumafika madigiri 40 kapena kupitirira, ndipo phula limatentha kuposa pamenepo. Ukapatuka pa M1, misewu yambiri ndi yafumbi, ya timizere topingasa ngati lata. Anamondwe Ana mu January 2022 ndi Freddy mu March 2023 adakokolola misewu ndi milatho m'dera lino. Galimoto ya kuno imakumana ndi zonsezi itasenza matumba a chimanga kapena mapira, mwinanso wodwala wothamangira naye kuchipatala.

Ndalama zikachepa, ine ndimati matayala ayambe. Shock yotha imavutitsa pang'onopang'ono, koma tayala likaphulika galimoto ili pa liwiro, ngozi imachitika nthawi yomweyo. Ambiri timakopeka ndi matayala a kaunjika chifukwa mano ake amaoneka akadali aatali. Komatu mano sanena msinkhu wa tayala. Msinkhu umalembedwa m'mbali mwake, pa manambala anayi omaliza a mzere woyamba ndi zilembo DOT. Pakalembedwa 2319, ndiye kuti tayalalo lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Labala akamakalamba amauma ndi kuchita ming'alu, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. N'chifukwa chake sindingapereke ndalama pa tayala lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi, ngakhale litawala bwanji ndi polishi wa wogulitsa.

Pali msampha wina umene ogulitsa satchula. Matayala ena a kaunjika ochokera ku Japan adapangidwira nyengo ya chipale chofewa. Amadziwika ndi mawu akuti Studless, kapena chithunzi cha phiri chokhala ndi kanyenyezi ka chipale, komanso timing'alu tambirimbiri topyapyala pa mano ake. Labala wake ndi wofewa dala kuti azigwira pamalo ozizira. Pa phula la ku Nchalo amasibuka msanga, ndipo galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime.

Tayala latsopano lotsika mtengo, lopangidwa posachedwa, ndimaliona kuti ndi labwino kuposa la dzina lotchuka koma lokalamba. Chofunika ndi kuwerenga zolembedwa. Mwachitsanzo, pa 265/70 R16 112S, nambala 112 ikutanthauza kuti tayala limodzi lingasenze makilogalamu 1,120. Osagula la nambala yotsika kuposa imene opanga galimoto adalemba pa chitseko cha dalaivala kapena m'buku lake. Matayala ambiri amalembedwanso Temperature A, B kapena C, ndipo A ndiye wopirira kutentha koposa. Ngati ndalama zikukwana awiri okha, onse akhale ofanana ndipo aikidwe mbali ziwiri za ekiselo imodzi. Pa galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi nthawi zonse, monga Prado, matayala osiyana kukula amavutitsa magiya ogawa mphamvu, ndipo kukonza kwake kumaposa mtengo wa tayala.

Mpweya uziyesedwa m'mawa galimoto isanayende. Madalaivala ena amaphwetsako mpweya masana poopa kuti tayala liphulika ndi dzuwa. Kumeneku n'kulakwa, pakuti tayala loperewera mpweya limapindikapindika m'mbali poyenda ndipo ndilo limatentha kwambiri.

Tsopano ma shock. Chimene chimasenza kulemera kwa galimoto ndi sipiring'i. Ntchito ya shock ndi kuletsa sipiring'iyo kudumphadumpha, kuti tayala likhale logunda pansi. M'kati mwake muli mafuta amene amadutsa m'timabowo ting'onoting'ono. Pa msewu wa timizere, shock imakwera ndi kutsika mosalekeza, mafuta amatentha n'kuchita thovu, mphamvu yake n'kuchepa. Pachifukwa ichi kuno ndi bwino kugula shock ya gasi, chifukwa gasiyo amapanikiza mafuta kuti asachite thovu msanga. Zizindikiro za shock yotha ndi izi: mafuta ochucha m'mbali mwake, galimoto kugwada kutsogolo ukaponda buleki potsetsereka ku Thabwa, ndi tayala lodyeka mwa zigambazigamba. Apa m'pamene nkhani ziwirizi zimakumana. Tayala latsopano loikidwa pa shock yakufa silikhalitsa, choncho amene wayamba ndi matayala asazengereze miyezi yambiri asanasinthe ma shock.

Strut ndi shock yomwe imagwiranso ntchito yochirikiza gudumu, ndipo sipiring'i imakhala pomwepo. RAV4 ndi X-Trail zili ndi ma strut kutsogolo, pamene Pajero yakale ya m'ma 1990 ili ndi ma shock apadera osavuta kusintha. Strut ikasinthidwa, mawilo ayenera kuwongoledwa pa makina, apo ayi matayala amadyeka mbali imodzi. Ndalama imeneyi iwerengedwe musanagule. Sipiring'i ya pa strut imakhala yopanikizika ndi mphamvu yoopsa, kotero ntchito yoichotsa isiyireni makaniko wokhala ndi chida chopanira, osati womanga ndi waya kapena chingwe.

Mayina odziwika ndi KYB, Monroe ndi Gabriel, ndipo m'masitolo a ku Limbe ndi ku Blantyre amapezeka. Koma dzina la pa katoni lisakukhutitseni, chifukwa zachinyengo ziliko. Onani ngati nambala ya pa katoni ikufanana ndi yodindidwa pa chitsulo, itanitsani lisiti, ndipo tengani shock yakale kuti mufanizire kutalika ndi mapeto ake. Gulani ziwiriziwiri, kumanzere ndi kumanja. Ma shock a kaunjika, makamaka otsukidwa ndi kupentedwa, ndimawakana, popeza m'kati mwake simuoneka.

Musanalipire chilichonse, makaniko akweze galimoto n'kugwedeza gudumu lililonse. Nthawi zambiri phokoso limene timaliti ndi la shock limachokera ku timalabala ta m'mapeto mwake totchedwa mabushi, ndipo mtengo wake ndi kachigawo kochepa chabe ka mtengo wa shock. Ya amalume itayamba kugogoda kumbuyo pa msewu wa ku Chapananga, vuto lidali mabushi awiri, ndipo ndalama yotsalayo idagula tayala lapadera lonyamula kumbuyo.