ZOPAKA PA BULEDI M'MALO MWA MAJARINI: PHUNZIRO KWA OFUNA KUCHEPETSA THUPI

Mau oyamba

Kwa zaka zambiri ntchito ya kafukufuku wa zaulimi m'chigawo chino cha kumwera ndi pakati pa Africa yakhala ikulimbana ndi njala ndi kunyentchera, ndipo ntchito imeneyo siinathe. Koma pambali pake pabuka vuto lina, ndilo kunenepa kopitirira muyezo, makamaka m'matauni. Kafukufuku wa zaumoyo amene anachitika ku Malawi mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa amayi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali olemera kuposa muyezo, pamene mu 1992 anali pafupifupi 10. Ku Zimbabwe mu 2015 anali 35, ndipo ku South Africa mu 2016 amayi otere anali 68 mwa amayi 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo.

Kwathu kuno munthu akanenepa timati akupeza bwino. Komatu thupi likalemera mopitirira limaitana matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima ndi kuphwanya kwa mawondo. Achipatala amafanizira kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake. Mwachitsanzo, munthu wamkulu wotalika mamita 1.6 akapitirira makilogalamu 64 ndiye kuti wadutsa muyezo woyenera, ndipo akafika makilogalamu 77 wanenepa moopsa.

Phunziro lino likunena za chinthu chimodzi chaching'ono chimene chimadyedwa tsiku ndi tsiku m'mabanja ambiri, ndicho majarini. Cholinga chake ndi kuonetsa kuti zolowa m'malo mwake ziri kale m'minda ndi m'madimba mwathu, ndiponso kuti si chirichonse chotchedwa chachilengedwe chimene chingathandize munthu kuchepetsa thupi.

1. Kodi m'majarini muli chiyani?

Majarini anapangidwa koyamba ku France mu 1869 ndi katswiri wina dzina lake Hippolyte Mège-Mouriès, amene ankafuna chinthu chotsika mtengo cholowa m'malo mwa batala. Masiku ano amapangidwa ndi mafuta a mbewu monga mpendadzuwa, soya ndi kanjedza, osakaniza ndi madzi pang'ono ndi mchere. Ambiri amawathiranso vitamini A ndi D.

Mphamvu imene chakudya chimapereka m'thupi imayezedwa m'makalori. Galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9, pamene galamu imodzi ya shuga, ya sitachi kapena ya zomanga thupi imapereka makalori 4 okha. Madzi alibe kalori ngakhale imodzi. Majarini olimba amakhala ndi magalamu 80 a mafuta pa magalamu 100 alionse, choncho amapereka makalori pafupifupi 720. Supuni yaikulu imodzi imapereka makalori pafupifupi 100, kuposa kagawo kamodzi ka buledi kamene majariniwo apakidwapo.

Thupi likalandira makalori ochuluka kuposa amene likugwiritsa ntchito, otsalawo limawasunga ngati mafuta. Mlimi amene akugwira khasu kuyambira m'bandakucha amagwiritsa ntchito mphamvu zambiri. Munthu wa mu ofesi, wogulitsa m'golosale kapena woyendetsa galimoto sagwiritsa ntchito zochuluka chotero, ngakhale mbale yake itakhala yofanana ndi ya mlimiyo.

2. Kufananiza zakudya

M'munsimu muli makalori opezeka pa magalamu 100 a chakudya chirichonse. Manambalawa ndi oyerekeza, popeza amasintha pang'ono malinga ndi mtundu wa mbewu ndi kaphikidwe.

Mafuta ophikira: 900
Majarini olimba: 720
Batala: 720
Chiponde: 590
Uchi: 300
Jamu: 270
Peyala: 160
Nyemba zophika: 130
Nthochi yakupsa: 90
Mbatata yophika: 80
Chambiko: 60
Dzungu lophika: 25

Mndandandawu ukutiphunzitsa lamulo losavuta kukumbukira: chakudya chikakhala ndi madzi ambiri ndi mafuta ochepa, makalori ake amakhala ochepa. Ukutichenjezanso kuti munthu amene wasiya majarini nayamba batala sanasinthe kanthu, ndipo amene wayamba kuthira mafuta ophikira m'malo mwake wangoonjezera vuto. Uchi ndi jamu ziri ndi makalori ocheperapo, koma ndi shuga pafupifupi yekhayekha, motero siziyenera munthu wofuna kuchepetsa thupi kapena wodwala matenda a shuga.

3. Zolowa m'malo zochokera m'munda

(a) Peyala. Chipatso chimenechi, chimene ku Zambia amati kotapela, chimabereka kwambiri m'madera a mvula yambiri monga ku Thyolo ndi ku Mulanje. Chimapakika ngati majarini ndipo mafuta ake ndi a mtundu wothandiza mtima. Phwanyani peyala lakupsa ndi foloko, finyiranimo ndimu kuti lisade msanga, ndi kuwaza kamchere pang'ono. Supuni yaikulu imodzi iri ndi makalori pafupifupi 25. Komabe peyala lalikulu lathunthu lingapitirire makalori 300, choncho gawanani ndi anzanu.

(b) Nyemba zophwanya. Viikani nyemba m'madzi usiku wonse, ziphikeni mpaka zifewe bwino, ndipo ziphwanyeni ndi mthiko monga tichitira pokonza chipere. Thiranimo anyezi ndi matimati ophikira limodzi, osakazinga. Zikazizira zimalimba ndi kupakika bwino pa buledi. Nandolo, khobwe ndi nzama zimachitanso chimodzimodzi. Zakudya za m'gulu la nyemba zimagayika pang'onopang'ono, motero munthu samva njala msanga. Mtundu wa nyemba wotchedwa NUA 45 uli ndi mchere wa ayironi wochuluka, umene umathandiza kupanga magazi.

(c) Mbatata yofiira m'kati ndi maungu. Mitundu ya mbatata monga Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira ndi Mathuthu iri ndi chinthu chimene thupi limachisandutsa vitamini A. Ichi nchofunika chifukwa munthu wosiya majarini amatayanso vitamini A amene anathiridwamo. Phikani mbatata kapena dzungu ndi madzi ochepa, phwanyani mpaka zisalale, ndipo pakani. Chabwino koposa ndi kudya mbatata yophikayo ndi tiyi m'malo mwa buledi, pakuti mbatata siifuna chopaka chirichonse.

(d) Nthochi. Nthochi yakupsa bwino yophwanya imatsekemera yokha, kotero imalowa m'malo mwa majarini ndi jamu nthawi imodzi. Imakomanso m'phala.

(e) Chambiko chokhetsa. Mkaka wosasa umadziwika m'chigawo chonse: ku Malawi ndi chambiko, ku Zambia mabisi, ku South Africa amasi. Thirani chambiko m'kansalu koyera, mangani, ndi kupachika pamalo ozizira kwa maola angapo kuti madzi akhe. Chotsalacho chimakhala cholimba ndi chopakika. Ngati mukukonza nokha chambiko, yambani mwawiritsa mkakawo kuti tizirombo tife.

(f) Dzira ndi matimati. Dzira limodzi lowiritsa liri ndi makalori pafupifupi 75. Likaphwanyidwa pamodzi ndi matimati limakwanira tizigawo tiwiri ta buledi ndipo limagwira m'mimba mpaka masana.

4. Nanga chiponde?

Anthu ambiri akauzidwa kuti asiye majarini amathamangira ku chiponde. Chiponde ndi chakudya chabwino, chokhala ndi zomanga thupi zimene m'majarini mulibe. Koma pafupifupi theka la mtedza ndi mafuta, ndipo supuni yaikulu ya chiponde iri ndi makalori pafupifupi 95, osasiyana kwenikweni ndi majarini. Mitundu ina ya mtedza, monga CG7, imadziwika ndi kuchuluka kwa mafuta ake. Chiponde china cha m'sitolo amachithiranso shuga ndi mafuta ena.

Wofuna kuchepetsa thupi asakanize supuni imodzi ya chiponde ndi masupuni awiri a nthochi kapena mbatata yophwanya. Akatero kakomedwe ka mtedza kamakhalapobe koma makalori a pa supuni amatsika ndi theka kapena kuposerapo. Nsinjiro zothira m'ndiwo kapena m'futali nazonso ziyezedwe ndi supuni, osati kungotapa ndi dzanja.

Posinja chiponde kapena nsinjiro, sankhani mtedza bwino. Tayani wonse wa chuku, wofwapa, wosweka kapena wosintha mtundu, chifukwa chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini amene amaononga chiwindi ndipo satha ngakhale mtedzawo ukazingidwe.

5. Pophika ndi powotcha

Majarini salowa m'thupi kudzera pa buledi pokha. Amathiridwanso mu mpunga, m'phala, m'masikono ndi m'makeke. Tsatani njira izi:

Pokonza masikono, makeke kapena chigumu, chotsani theka la majarini ndi kuikamo nthochi, dzungu kapena mbatata yophwanya ya muyezo womwewo. Zowotchazo zimatuluka zofewa, ndipo shuga naye mungamchepetse. Musachotse mafuta onse chifukwa zimalimba ngati mphira.

Mpunga wophikidwa bwino sufuna majarini. Ngati mukufuna kakomedwe, thiranimo anyezi, matimati kapena karoti.

Pophika ndiwo yezani mafuta ndi supuni. Botolo likapendeketsedwa pamoto, dzanja silidziwa polekera. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira iri ndi makalori pafupifupi 120.

Nsomba, nkhuku ndi chinangwa zikawotchedwa, kuwiritsidwa kapena kuwambidwa zimakhala ndi makalori ochepa kusiyana ndi zokazinga m'mafuta.

6. Ngati mukugulabe za m'sitolo

M'masitolo muli zopaka zofewa za m'timakontena zimene mafuta ake anachepetsedwa. Zina ziri ndi magalamu 40 okha a mafuta pa magalamu 100, choncho makalori ake ndi theka la majarini olimba. Werengani zolembedwa pa paketi ndi kuona kuchuluka kwa mafuta. Katundu wambiri wochokera ku South Africa amalemba mphamvu mu kJ. Gawani nambalayo ndi 4 kuti mupeze makalori moyerekeza. Zopaka zimenezi ziri ndi madzi ambiri, motero siziyenera kukazingira. Kumbukirani kuti wopaka kawiri chifukwa chakuti nzopepuka wabwerera pomwe anali.

Onaninso mau akuti trans pa paketi. Awa ndi mafuta amene amapangika polimbitsa mafuta amadzi ku fakitale, ndipo amaononga mitsempha ya mtima. Dziko la South Africa linakhazikitsa malire a mafuta otere mu 2011, ndipo mu 2018 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linapempha maiko onse kuti awachotse m'zakudya.

7. Kodi phindu lake ndi lotani?

Tiyerekeze munthu amene amadya tizigawo tinayi ta buledi m'mawa uliwonse, napaka masupuni aakulu awiri a majarini. Ameneyo amalandira makalori 200 kuchokera ku majarini okha. Akapaka masupuni awiri a peyala amalandira 50. Wapulumutsa makalori 150 pa tsiku, amene ndi 4,500 pa mwezi. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700, choncho kusintha kumeneku nkofanana ndi theka la kilogalamu pa mwezi. Thupi likayamba kupepuka liwiroli limachepa, komabe pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kusintha chopaka pa buledi pakokha sikokwanira. Supuni yaing'ono iriyonse ya shuga mu tiyi iri ndi makalori 16, ndipo zakumwa zotsekemera, mowa, mandasi, tchipisi ndi mitanda yambiri ya nsima zonse zimaonjezera. Chulukitsani ndiwo zamasamba m'mbale, ndipo yendani kapena gwirani ntchito yotulutsa thukuta kwa mphindi 30 masiku asanu pa sabata.

8. Chenjezo

Mafuta ndi limodzi mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo thupi limawafuna. Popanda mafuta pang'ono, vitamini A wa m'masamba, m'maungu ndi m'mbatata salowa bwino m'thupi. Cholinga ndi kuchepetsa, osati kusiyiratu.

Malangizo a m'phunziro lino ndi a anthu akuluakulu olemera kuposa muyezo. Sakukhudza ana aang'ono, amene mimba zawo nzazing'ono ndipo phala lawo liyenera kuthiridwa nsinjiro, mafuta kapena majarini. Sakukhudzanso amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, okalamba ofooka, odwala chifuwa chachikulu, ndi aliyense amene akuonda chifukwa cha matenda. M'nyumba imodzi mungakhale mayi wofunika kuchepetsa thupi ndi mwana wonyentchera. Mphika wa phala ukhale umodzi, koma zothira m'mbale zisiyane. Munthu amene akuonda osadziwa chifukwa chake apite kuchipatala msanga. Wodwala matenda a shuga afunse achipatala asanasinthe kadyedwe, popeza nthochi ndi mbatata zimakweza shuga m'magazi zikachuluka.

Zopaka zokonza pakhomo zimaonongeka msanga. Sambani m'manja, gwiritsani ntchito ziwiya zoyera, ndipo konzani zokwanira chakudya chimodzi ngati mulibe firiji.

Mau otsiriza

Banja limene liri ndi mtengo wa peyala ndi phata la nthochi pakhomo, mizere ingapo ya mbatata yofiira m'kati, maungu m'munda wa chimanga ndi nyemba zosunga bwino lingapeze chopaka pa buledi chaka chonse, chimodzi chikatha nyengo china nkulowa. Ndalama ya majarini imapulumuka, ndipo alimi amapeza msika wa zokolola zawo kwa anthu a m'tauni. Funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu za mbewu zoyenera, ndipo pitani kuchipatala chapafupi kuti akakuyezeni sikelo ndi kuthamanga kwa magazi.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi paketi imodzi ya majarini ndi botolo limodzi la mafuta zimatha masiku angati pakhomo panu?
2. Ndi zakudya ziti mwa zimene zatchulidwa zimene zimapezeka kwanu mwezi uno, ndipo ndi ziti zimene mungabzale nyengo ikudzayi?
3. Nchifukwa chiyani batala ndi chiponde sizichepetsa makalori kwenikweni?
4. Ndani m'banja mwanu amene sayenera kuchepetsa mafuta m'zakudya zake?