Seva Yakale Pakhomo: Kuigula, Kuidzutsa ndi Kuisamalira

Seva n'chiyani?

Seva ndi kompyuta yolimba yopangidwa kuti izigwira ntchito usana ndi usiku, kusunga mafayilo ndi kutumikira makompyuta ena pa netiweki. Mabanki ndi makampani akuluakulu amasintha maseva awo pakapita zaka zingapo, ndipo akalewo amagulitsidwa motchipa akadali ndi mphamvu. Ena mwa odziwika ndi Dell PowerEdge R710 ya mu 2009, R720 ya mu 2012, ndi HP ProLiant DL380.

Mungaigwiritse ntchito yanji?

Mutha kusungamo zithunzi ndi makalata a banja lonse, kuphunzirirapo Linux ndi kayendetsedwe ka netiweki, kapena kuikamo Kiwix kuti ana aziwerenga Wikipedia popanda intaneti.

Musanapereke ndalama

Kugula seva yakale kuli ngati kusankha chovala pa kaunjika: tembenuzani mbali zonse.

1. Wogulitsa aiyatse inu mukuona, ndipo mafani onse azizungulira.
2. Makampani ambiri amachotsa ma hard disk poteteza zinsinsi zawo. Onetsetsani kuti timathireyi tolowetsera madisikiwo tilipo, chifukwa timavuta kupeza patokha.
3. Seva imafuna RAM ya mtundu wa ECC. Ya kompyuta wamba musaidalire.
4. Maseva akalewa alibe HDMI, choncho pezani sikirini ndi chingwe cha VGA.

Werengerani magetsi

Mtengo weniweni wa seva suli pogula, uli pa mita ya ESCOM. Seva yodya mawati 150, ikayaka osazima kwa masiku 30, imamaliza mayunitsi 108. Ngati thumba silingakwanitse, muziiyatsa pokhapokha mukufuna kuigwiritsa ntchito. Gulaninso UPS, chipangizo cha batire chimene chimapitiriza kupereka magetsi akathima, chifukwa magetsi akathima mwadzidzidzi seva ili mkati molemba, mafayilo amawonongeka.

Malo oiikapo

Sevayi ndi yolemera ndipo mafani ake amasokosa, makamaka ikangoyatsidwa. Musaiike kuchipinda chogona. Ikhale pathebulo lolimba, osati pansi pamene pamachuluka fumbi ndi chinyontho. Mpweya umalowa kutsogolo n'kutulukira kumbuyo, ndiye musaigunditse kukhoma. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, samalani kwambiri kuti m'chipindamo muzidutsa mphepo.

Kuidzutsa koyamba

1. Zulani zingwe zonse za magetsi, tsegulani chivindikiro, ndipo chotsani fumbi ndi mpweya kapena kabulashi kofewa.
2. Ngati imaiwala tsiku ndi nthawi, sinthani kabatire ka CR2032.
3. Yesani RAM ndi Memtest86+, ndipo muisiye iyende usiku wonse.
4. Maseva a Dell ali ndi iDRAC, a HP ali ndi iLO, zimene zimakulolani kuyatsa ndi kuyang'anira seva muli pa kompyuta ina. Sinthani pasiwedi yake tsiku lomwelo, chifukwa ya kufakitale ya Dell zakale imadziwika ndi aliyense.
5. Ikani pulogalamu yaulere monga Ubuntu Server, kapena Proxmox ngati mukufuna makompyuta angapo mkati mwa seva imodzi.

Chenjezo

RAID, njira yolumikizira madisiki angapo kuti azisunga mafayilo pamodzi, imathandiza disiki imodzi ikafa, koma siibweza fayilo imene mwafufuta nokha, ndipo siiteteza ku mphenzi kapena akuba. Mafayilo ofunika akoperani pa disiki ina n'kuisunga kwina. Mabingu akayamba, zimitsani seva ndi kuzula zingwe.