Minibasi ikagwa: ufulu wa wovulala ndi mapepala amene amakonda kusowa

Msika wa fodya ukatsegulidwa, mabelo n'kuyamba kulowa ku Chinkhoma, minibasi ndi timagalimoto ta Sienta ta kum'mawa kwa Kasungu sizipuma. Mlimi wa kwa Kapelula wothamangira kubanki paboma sasankha galimoto, amakwera imene yamupeza. Lamulo limati mu minibasi anthu azikhala atatu pamzere, koma kondakitala amapanikiza wachinayi, iye n'kuima chowerama pachitseko. Mu Sienta wina amagawana mpando ndi dalaivala. Pamsewu wa M18, wochoka ku Kasungu kudzera pa Mtunthama kupita ku Nkhotakota, madalaivala amalimbirana kufika pasiteji yotsatira, chifukwa mwini galimoto akudikira tageti yake madzulo ndipo iwo amadyera pa zotsala.

Lipoti la bungwe la WHO la 2018 linayerekeza kuti ngozi za pamsewu zimapha anthu 31 mwa anthu 100,000 alionse m'Malawi pachaka. Amene anapulumuka koma mwendo unapindika, moti sangathenso kupalira kapena kunyamula fodya kupita naye kuchigafa, satchulidwa kawirikawiri. Ena mwa iwo sanalandirepo ngakhale tambala, pomwe lamulo linawakonzera chipukuta misozi.

Zimene lamulo limanena

Lamulo la Road Traffic Act la 1997 limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene ingawavulaze kapena kuwapha. Galimoto yonyamula anthu molipiritsa iyeneranso kukhala ndi chiphaso cha COF, chosonyeza kuti ili bwino, ndipo dalaivala wake akhale ndi layisensi pamodzi ndi chilolezo cha PrDP chochokera ku DRTSS, kumene anthu amangoti ku Road Traffic. Ngozi ikachitika, dalaivala ayenera kuima, kuthandiza ovulala ndi kukanena kupolisi. Gawo 126 ndi limene limalanga woyendetsa mosasamala, kuphatikizapo amene wapha munthu.

Mlandu wa dalaivala ndi wina, chipukuta misozi ndi nkhani inanso. Dalaivala akalipira chindapusa kukhothi, ndalamayo ndi ya boma, wovulala sapatsidwako pokhapokha khothi litalamula. Yake ayenera kuifuna yekha, kwa mwini galimoto kapena ku kampani ya inshuwalansi. Gawo 148 limamulola kusumira kampaniyo mwachindunji, koma mwayi umenewu umatha pakapita zaka 2 chichitikire ngozi. Wosumira mwini galimoto kapena dalaivala ali ndi zaka 3, malinga ndi lamulo la Limitation Act. Anthu amangoti nthawi ilipo, osaganiza kuti chaka chathunthu chikhoza kuthera pabedi, china n'kuthera pa "mubwere mawa".

Tsiku la ngozi

Nambala ya galimoto ndiyo chinthu choyamba. Wovulala akalephera, m'bale kapena wina aliyense woona ailembe, ajambulenso pafoni timapepala tomatidwa pagalasi lakutsogolo, chifukwa dzina la kampani ya inshuwalansi ndi tsiku lothera zimakhala pamenepo. Atengenso nambala za foni za okwera anzake awiri kapena atatu. Dalaivala ndi kondakitala akathawa kuopa kumenyedwa, nambala ija ndiyo imatsala.

Kenako kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ululu ukuoneka wochepa. Kaya ndi pachipatala chaching'ono cha kwa Kapelula, ku St Andrew's pa Mtunthama kapena kuchipatala cha boma ku Kasungu, m'kabuku ka kuchipatala alembemo kuti ndi ngozi ya galimoto, tsiku lake ndi mabala onse. Otumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe asunge kalata yowatumizira ndi zithunzi za ekiselo. Lisiti lililonse, la mankhwala, la ndodo zoyendera, la galimoto ya hayala, lisungidwe m'pepala la pulasitiki.

Lipoti la apolisi

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera mphwayi. Kampani ya inshuwalansi siyamba kukamba nkhani popanda lipoti la apolisi a pamsewu, ndipo aliyense wokhudzidwa amadziwa zimenezi, kuphatikizapo mwini galimoto, amene nthawi zambiri amafika kupolisi wovulala akadali chigonere.

Lipotilo limakhala ndi tsiku ndi malo a ngozi, nambala ya galimoto, dzina la dalaivala ndi la mwini wake, kampani ya inshuwalansi, mayina a ovulala ndi omwalira, komanso zimene apolisi apeza kuti zinachititsa ngoziyo. Choyenera kuonetsetsa kuposa zonse ndi dzina la wovulala. Minibasi ikakhala kuti inadzaza mopitirira, pamakhala chidwi chochepetsa chiwerengero cha okwera papepala, ndipo amene dzina lake lasiyidwa amaoneka ngati sanakwere n'komwe. Choncho m'bale apite kupolisi m'masiku oyambirira ndithu, atatenga chitupa cha umzika cha wovulalayo, akaonetsetse kuti dzina lalembedwa monga lilili pachitupa. Chilembo chimodzi chikasiyana, kampani ikhoza kubweza mapepala onse, munthu n'kuyambiranso ulendo wa kuboma, thiransipoti yolipira yekha.

Lipotili limalipiridwa, koma ndalamayo ndi ya boma ndipo wolipira amapatsidwa lisiti la boma, lija amati GR. Ndalama yopanda lisiti ndi chiphuphu, kaya aitcha ya fanta, ya mafuta a njinga yamoto kapena ya mapepala a pulinta. Lamulo la Corrupt Practices Act limalanga wolandira ndi wopereka yemwe. Ndipo woperekayo sagula kanthu: akapereka kamodzi, ulendo wotsatira fayilo imafunanso kangachepe kuti ipezeke.

Mayankho a kupolisi ndi odziwika. Amene akugwira nkhaniyi ali kutchuthi. Bwana wosayina watuluka. Fayilo sikuoneka. Munthu wothyoka mwendo amene wagulitsa nkhuku kuti apeze thiransipoti yochokera kwa Kapelula sayenera kubwezedwa ndi mawu otere, ndipo asachoke chimanjamanja. Afunse mwaulemu dzina la wapolisi amene akugwira nkhaniyo, nambala ya fayilo ndi tsiku lenileni lobweranso, alembe zonse m'kope. Tsikulo likafika palibe chachitika, apemphe kuonana ndi mkulu wa apolisi a pamsewu, kenako Officer in Charge wa polisiyo. Dandaulo likhale lolemba, makalata awiri ofanana: imodzi asiye, inayo idindidwe sitampa, abwerere nayo. Kalata yodindidwa sikanidwa ngati mawu apakamwa. Zikakanikabe, madandaulo okhudza apolisi amapita ku Independent Complaints Commission, kuchedwetsa dala kungapite kwa Ombudsman, ndipo wopempha chiphuphu anenezedwe ku Anti-Corruption Bureau.

Lipoti likatuluka, aliwerenge asanachoke, kapena wina amuwerengere. Alichite fotokope kangapo. Pepala lenileni lisaperekedwe kwa munthu aliyense popanda kusayinirana.

Lipoti la dokotala ndi mapepala a maliro

Lipoti la dokotala limafotokoza kukula kwa mabala ndi kulumala kumene kwatsalira. Likalipiritsidwa, nalonso likhale ndi lisiti. Pamene munthu wamwalira pamafunika chikalata cha imfa, zotsatira za kupima mtembo, ndi kalata yosonyeza amene akuimira banja, zomwe ofesi ya DC imathandiza kulongosola. Mkazi wamasiye, ana ndi makolo amene ankadalira womwalirayo ndiwo eni ndalamayo.

Bokosi si chipukuta misozi

Mwini galimoto akabwera pamaliro ndi bokosi, thumba la chimanga ndi shuga, wachita zaumunthu ndipo alandiridwe. Koma akatulutsa kapepala koti asibweni kapena nyakwawa asayine kuti nkhani yathera pomwepo, pasapezeke wosayina kapena kudinda chala. Zokambirana pansi pa mtengo sizichotsa udindo wa inshuwalansi, pokhapokha banja litadzimanga lokha ndi siginecha.

Kampani nayo ili ndi zake. Ikhoza kukana ponena kuti galimoto inadzaza mopitirira, kapena kuti dalaivala analibe PrDP, kapena kuti inali lole ya katundu yosaloledwa kunyamula anthu, zomwe zimagwera kwambiri matenanti osamuka pamwamba pa katundu. Kukana kumeneko kulembedwe papepala, loya akuone, chifukwa mwini galimoto akhozabe kusumiridwa. Inshuwalansi iliyonse ilinso ndi malire a ndalama imene ingalipire, ndipo zopitirira pamenepo zimafunidwa kwa mwini galimoto. Kampani yongozengereza inganenezedwe kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi.

Madobadoba a m'mawodi

Wovulala asanatuluke m'chipatala, amafikiridwa ndi anthu ovala bwino oti amadziwa loya wachangu. Amatenga lipoti la apolisi, lipoti la dokotala ndi chitupa, n'kusayinitsa fomu yosalembapo kanthu. Ena ndalama zimatuluka mwini wake osadziwa. Ena amapatsidwa kachigawo kochepa n'kuuzidwa kuti zina zonse zapita kukhothi.

Wofuna loya akafike yekha paofesi ya loyayo, amve gawo limene adzadule ndalama zikatuluka, ndipo pangano likhale lolemba. Ndalama zikabwera apemphe kuona kalata ya kampani kapena chigamulo cha khothi chosonyeza ndalama yonse. Loya wobisa zimenezi akanenezedwe ku Malawi Law Society. Amene sangakwanitse kulipira loya ali ndi Legal Aid Bureau, imene boma linaikhazikitsa kuti izithandiza anthu osauka pa milandu.

Pogamula chipukuta misozi, khothi limawerengera ululu ndi kuzunzika, kulumala, kulephera kugwira ntchito imene munthu ankadalira, ndi ndalama zimene anawononga, bola malisiti alipo. Mlimi wa fodya asunge mapepala a kumsika a zaka zam'mbuyo, chifukwa ndiwo umboni wa zimene ankapeza asanavulale.

Amene anavulala chaka chatha ndipo mapepala ake akadali "m'manja mwa bwana" atenge kabuku ka kuchipatala, aone tsiku la ngozi, awerenge miyezi imene yatsala kuti zaka 2 zikwane, ndipo akaonane ndi loya sabata ino ngakhale lipoti la apolisi lisanatuluke.