Ndigule mfuti yanji yotetezera banja langa?

FUNSO

A Loya,

Ndimakhala ku Falls, Area 1, ndipo ndili ndi shopu ya hadiweya chakufupi ndi msewu wa Malangalanga. Ndilinso ndi kafamu ku Mitundu komwe ndimaweta mbuzi ndi nkhumba. Miyezi yapitayi mbava zinathyola nyumba ziwiri mumzere wathu, kwina zinamanga mlonda ndi mawaya n'kusesa zonse. Kufamu nako afisi andithera mbuzi. Ndikaganizanso za zipolowe za nthawi ya zisankho ndi anamondwe a zaka zino, tulo sitikubwera.

Alamu anga a ku Johannesburg akuti ndigule mfuti ya .308 chifukwa imatha ntchito zonse. Mnzanga wina akuti .22 ndi yokwanira, zipolopolo zakenso n'zotchipa. Pa YouTube, anthu a ku America okonzekera masiku oipa aliyense akunena zake. Ndigule iti, imodzi yoti iteteze nyumba ndi famu, komanso ndizipezera nyama ya ndiwo zinthu zikadzathina? Nanga malamulo akuti bwanji? Mayi akunyumba sakufuna n'kumva komwe za mfuti poti tili ndi ana anayi.

Bambo wankhawa, Falls, Lilongwe

YANKHO

Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo mwachita bwino kufunsa ndalama zikadali m'thumba. Ndiyankha funso lanu la zipolopolo, koma ndiyambe ndanena poyera: mfuti imodzi yotha ntchito zitatu mwatchulazi kulibe. Ndipo pa zitatuzo, ntchito imene ikukusowetsani tulo, yoteteza nyumba ya ku Falls, ndi imene mfuti yaitali siyenerera n'komwe.

Manambala mukumvawa amanena kukula kwa bowo la mpope wa mfuti, poyeza ndi inchi. Ya .22 bowo lake ndi pafupifupi mamilimita 5.6, ya .308 ndi 7.62, ya .375 ndi 9.5. Koma mphamvu yeniyeni imachokera ku kulemera kwa chipolopolo ndi kuchuluka kwa onga umene uli kumbuyo kwake.

Chipolopolo cha .22 LR chimalemera magalamu osakwana atatu. Sichimenya phewa, phokoso lake ndi lochepa, n'chifukwa chake ophunzira kulondola amayambira pamenepo. Ntchito yake ndi nkhanga, akalulu ndi tizilombo ting'onoting'ono toononga mbewu. Fisi mukamuombera nacho nthawi zambiri mumangomuvulaza, ndipo fisi wovulala ndi woopsa kuposa wanjala. Musachipeputse komabe: chimapha munthu, ndipo chikathawira m'mwamba chimapita mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka.

Cha .308 chimalemera magalamu 10 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo chimatuluka pa liwiro la mamita oposa 800 pa sekondi. Chili m'gulu limodzi ndi .30-06 komanso .303 ya mfuti za Lee-Enfield zimene asilikali a King's African Rifles ankanyamula. Izi ndi za mphalapala, ngoma ndi nguluwe kutchire lotambasuka. Alamu anu sananame kuti ku South Africa n'chotchuka, chifukwa kumeneko kuli mafamu aakuluakulu osakirako nyama. Pamwamba pake pali .375 H&H, imene inatuluka mu 1912, ya njati ndi njovu; imeneyo muisiyire alenje aluso ndi anthu a zanyama zakutchire.

Tsopano bweretsani .308 ija m'khonde la nyumba yanu nthawi ya 2 koloko usiku. Chipolopolo chake chimaboola chitseko, malata, geti lachitsulo chopyapyala, ngakhale buloko ya simenti yamphako. Chikaphonya n'kukwera m'mwamba chimatha kukagwa pa mtunda woposa makilomita atatu. Mukaima ku Falls n'kuzungulira maso mtunda umenewo, mukupeza depoti ya mabasi, msika waukulu, chipatala cha Bwaila ndi mabanja osawerengeka ali m'tulo. Kuseri kwa mpanda wanu kuli chipinda cha ana a eni ake. Komanso mfuti yaitali ndi yovuta kutembenuka nayo m'kanjira ka m'nyumba, ndipo mbava zikabwera zisanu n'zikwanje, kukulandani sikuvuta.

Yatsala shotigani, kawirikawiri ya 12 gauge. Imeneyi imamwaza timipira tambiri, ndipo mphamvu yake imathera pafupi, mamita 30 kapena 40. N'chifukwa chake alimi ndi makampani a alonda amaikonda. Mutati mwaloledwa kukhala ndi mfuti ya kufamu, ndiyo yoyamba kuiganizira. Koma nayonso pafupi imaboola chitseko n'kupha amene ali kuseri.

Tibwere ku malamulo. Kuno kwathu kukhala ndi mfuti si ufulu wobadwa nawo ngati mmene a ku America amawerengera Malamulo awo aakulu. N'chifukwa chake zambiri za pa YouTube zija sizikukhudzani. Ife timayendera lamulo la Firearms Act la mu 1967. Musanagule, mumapempha chilolezo kudzera kupolisi, ndipo nkhani imakathera kwa mkulu wolembetsa mfuti ku likulu la apolisi ku Area 30. Amafufuza mbiri yanu, chifukwa chimene mukuifunira ndi malo amene mudzaisunge, ndipo ali ndi mphamvu yokukanizani. Laisensi imakhala ya munthu mmodzi ndi mfuti yotchulidwa nambala yake, ndipo imafunika kukonzanso chaka ndi chaka. Apa mumvetsetse: laisensi yanu siilola mlonda wanu kapena kapitawo wa ku Mitundu kugwira mfutiyo. Ndiye ngati inu mumagona ku Falls, afisi akabwera kufamu adzaombe ndani?

Chenjerani ndi njira zachidule. Mfuti yochokera kwa alamu anu siingangolowa pa Dedza kapena pa Mwanza m'chikwama. Imafuna zilolezo za mayiko onse awiri. Wina akakunong'onezani za AK-47 yotchipa, mwa zija zinamwazikira m'chigawo chino nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, thawani. Imeneyo ndi mfuti yankhondo, munthu wamba saloledwa, ndipo simudziwa kuti inaphapo ndani. Ngakhale gogodela wosula kumudzi, wopanda mapepala, ndi mlandu wokagona nawo ku Maula.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti laisensi imakulolani kusunga mfuti, siikulolani kuombera munthu. Gawo 17 la Penal Code limati nkhani yodziteteza iweruzidwe potsata mfundo zakalekale za makhoti, ndipo mfundozo zimafunsa zinthu ziwiri: kodi kunali kofunikadi kugwiritsa ntchito mphamvu, nanga mphamvuyo inalingana ndi chiopsezo? Munthu wakulowerani kuchipinda ndi chikwanje m'manja, khoti likhoza kukumvetsani. Koma wakuba amene akukwera mpanda kuthawa ndi TV pamutu, mukamuombera kumsana, mlandu ndi wanu. Katundu salingana ndi moyo. Ukhoza kukhala mlandu wakupha mwadala, ndipo ngakhale utatsika n'kukhala wakupha mosakonzekera, chilango chake chimatha kufika moyo wonse m'ndende. N'chimodzimodzi ndi shopu yanu pa tsiku la zipolowe: kuombera gulu la anthu chifukwa cha matumba a simenti, khoti silingakuikireni kumbuyo, ndipo gululo silingakusiyeni.

Kumbukiraninso nkhani ya Oscar Pistorius, katswiri wothamanga wa ku South Africa. Pa 14 February 2013 anaombera kanayi pachitseko cha chimbudzi kunyumba kwake ku Pretoria, akuti ankaganiza kuti mwalowa mbava. M'katimo munali chibwenzi chake, Reeva Steenkamp. Khoti la apilo linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha, ndipo chilango chinafika zaka 13 ndi miyezi isanu. Kaya mumakhulupirira mawu ake kapena ayi, phunziro lilipo: mumdima, munthu wamantha sasiyanitsa mbava ndi mwana wake amene wachedwa kubwera kunyumba.

Apa ndi pamene ndikuti mayi akunyumba ali ndi mfundo. Mfuti yosungidwa bwino imakhala yokhomeredwa m'sefa yachitsulo, yopanda zipolopolo, zipolopolozo zili kwina. Yotereyi simungaifikire msanga mbava zikathyola chitseko. Mukaiika pansi pa bedi kuti ikhale pafupi, mwaiyandikizanso kwa ana anayi aja, kwa mlendo, ndi kwa inu eni tsiku limene mwakangana kapena ngongole zakukulirani. Apolisi chaka chilichonse amalengeza kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna, ambiri chifukwa cha ngongole ndi mavuto a m'banja. Ndipo zikamveka kuti m'nyumba mwanu muli mfuti, pali mbava zimene zidzabwerere mfuti yomweyo. Walira mvula walira matope.

Za nyama ya ndiwo musadalirepo. Lamulo la National Parks and Wildlife Act limafuna laisensi yapadera yosakira, ngakhale ya mbalame, ndipo chisinthireni lamuloli mu 2017, kupha kapena kupezeka ndi nyama zotetezedwa kwambiri kuli ndi chilango chofika zaka 30. Komanso kuzungulira Lilongwe nyama yoti n'kudyetsa banja ili kuti? Mbuzi ndi nkhumba zanu ndiye nkhokwe yanu ya nyama. Za afisi, kanenani ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Kuthana ndi nyama zovutitsa anthu ndi ntchito yawo. Koma mankhwala okhalitsa ndi khola. Fisi amalowa pamene pali mpata: pansi pa chitseko, pa mtengo wofumbwa, kapena mbuzi ikagona panja. Khola lam'mwamba lamitengo yolimba, waya wochindikala, agalu awiri ndi nyale ya sola zimagwira ntchito usiku uliwonse, inu muli ku Falls.

Tsono tiyeni tione masiku oipa amene afikadi kuno. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi anavuta kupitirira chaka. Kolera imene inayamba mu March 2022 inapha anthu oposa 1,700, ndipo mu January 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iyo. Mu March 2023 namondwe Freddy anasiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa m'chigawo chakummwera, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Kuno mumzinda, mitsinje ya Lingadzi ndi Lilongwe ikasefukira imagwetsa nyumba, ndipo mizere ya mafuta mwaiona nokha. Pa zonsezi, chimene chinapulumutsa anthu ndi madzi abwino, mankhwala, foni yokhala ndi moto, kumva chenjezo msanga ndi anansi.

Ndalama ya mfuti, sefa ndi laisensi iyambe yagwira ntchito izi. Mabungwe othandiza pa ngozi amawerengera malita 15 a madzi pa munthu patsiku. Banja lanu la anthu asanu ndi mmodzi likufuna malita 270 pa masiku atatu, ndiye kuti zigubu 14 za malita 20, kapena thanki imodzi yaing'ono. Onjezani WaterGuard, mapaketi a Thanzi ORS, mankhwala a mwezi wathunthu kwa aliyense wodwala BP kapena shuga, ufa, nyemba, thumba la makala, tochi, wailesi ya mabatire, sola yotchajira mafoni ndi ndalama pang'ono zapamanja, poti netiweki ikagwa Mpamba ndi Airtel Money sizithandiza. Zikalata za nyumba, za shopu ndi ziphaso zikhale m'pepala lapulasitiki losalowa madzi.

Za mbava, cholinga chikhale kuzichedwetsa ndi kudzutsa anthu. Ikani chitseko chachitsulo pakanjira kopita kuzipinda zogona, kuti zikalowa pabalaza banja lonse likhale mbali imodzi yokhoma, foni ili m'manja. Ikani magetsi a sola panja ndi alamu yolira kwambiri. Mlonda mumupatse wenzulo ndi foni, ndipo muzimulipira pa nthawi yake. Lowani m'gulu la chitetezo cha m'dera lanu, muzisonkha, ndipo mumzere wanu mukhale gulu la WhatsApp la ngozi zokhazokha. Nambala za apolisi a Lilongwe Police Station zikhale m'foni ya aliyense, ngakhale ya ana. Shopu muilembetse inshuwalansi, ndipo mufunse mwachindunji ngati ikulipira katundu woonongeka pa zipolowe, chifukwa makampani ambiri a inshuwalansi salipira zimenezo pokhapokha mutaonjezera.

Mukachita zonsezi n'kuonabe kuti famu ikufunika mfuti, pitani kupolisi mukapemphe chilolezo cha shotigani, mugule kwa wogulitsa wovomerezeka, muphunzitsidwe ndi munthu wodziwa, ndipo sefa ifike mfuti isanafike. Koma musasaine pepala lililonse mayi asanavomere, chifukwa m'nyumbamo amagonamo ndi iwonso. Alamu anu muwathokoze, muwauze kuti .308 ikhale konko ku Johannesburg. Ngati akufuna kuthandiza, atumize ndalama ya thanki.

Loya wanu