Pavarotti wandidanitsa ndi anzanga a kwaya

Mnyamata wina wa kwa Kasakula ku Ntchisi wandilembera kuti amaimba tenala m'kwaya ya kumpingo kwawo. Chiyambire kumvera Luciano Pavarotti pa foni, nyimbo zina zonse zamusukulukira. Anzake akuti katswiri ndi Andrea Bocelli, ena akuti bola nyimbo za kiyibodi zomwe anthu amavina. Iye adawauza kuti alibe makutu, ndipo pano sakumulankhula. Mawu akenso ayamba kusasa chifukwa choyesa kukweza ngati Pavarotti. Akufunsa ngati asiye kwaya.

Mdzukulu wanga, khala pansi timvane. Mlandu wakowu suli wachilendo kwa ine, ndipo mtima wako ndi wabwino. Chakupweteka ndi pakamwa.

1. Khutu lako silikunama. Woimba opera amaima pasiteji wopanda mayikolofoni, zida zambirimbiri zikulira patsogolo pake, koma mawu ake amakafika kwa munthu wokhala kumapeto kwa holo. Mphamvuyo imachokera ku mpweya wolamulidwa bwino ndi minofu ya m'munsi mwa nthiti, osati kukakamiza kukhosi. Pavarotti adayamba maphunziro enieni a kuimba mu 1954, ndipo opera yake yoyamba adaimba mu 1961. Werenga zakazo. Kusirira luso lotere si kunyada ayi.

2. Anzakonso sakunama. Nyimbo zomwe zidatchukitsa Bocelli ndi za pamayikolofoni, zofewa, zokonzedwera wailesi ndi makamu a anthu. Ndi ntchito ina, ndipo amaigwira bwino. Munthuyu adachita khungu ali ndi zaka 12, adaphunzira zamalamulo, n'kumaimba m'mabala ndi piyano asanadziwike. Pavarotti wakoyo naye sadadzipatule. Mu 1990 ku Rome adaimba ndi Plácido Domingo ndi José Carreras usiku woti mawa lake kuli ndime yomaliza ya World Cup, ndipo kwawo ku Modena ankaitana oimba a chamba cha pop n'kuimba nawo limodzi. Kuno kwathu, ndani anganene kuti Lucius Banda, amene adakulira mu Alleluya Band ya ku Balaka, sadasunthe mitima ya Amalawi? Ngati mwini luso sadanyoze anzake, iwe ukunyozeranji?

3. Ukapepese, ndipo usachedwe. Kuuza mnzako woimba naye kuti alibe makutu ndi chipongwe chachikulu. Taganiza mmene adamvera mayi wa aluto amene waimba pamaliro ndi pamaukwati a m'mudzimo iwe usanabadwe. Anthu amenewa ndi omwe adzakuimbire tsiku la ukwati wako. Pita kwa akwayamasitala, unene mosazungulira kuti udalakwa. Kenaka tsiku lina muike foni pakati, mumvere nyimbo imodzi ya Pavarotti ndi imodzi ya Bocelli, aliyense anene chomwe chamugwira mtima.

4. Pa za kukhosi ndikudzudzula. Kusasa mawu ndi chizindikiro choti ukukuwa, sukuimba. Leka kuthamangira manotsi apamwamba m'mawa kukuzizira m'mapiri mwanumo mawu asanatenthe. Yamba ndi do re mi motsitsa, imwa madzi, pewa utsi wa fodya, ndipo pakhosi pakawawa khala chete. Kusasako kukapitirira masabata atatu, pita kuchipatala akakuone. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

5. Kwaya usaisiye. Bambo ake a Pavarotti anali ophika buledi, ndipo awiriwo ankaimba m'kwaya imodzi ya ku Modena, yomwe idapambana mpikisano ku Llangollen m'dziko la Wales mu 1955. Levy Sekgapane, tenala wa ku Kroonstad ku South Africa, adapambana mpikisano wa Operalia mu 2017, kusonyeza kuti mwana wa mu Africa angafikepo. Koma ndikuuze zoona: ku Malawi kulibe nyumba ya opera, choncho sukulu ndi munda wa soya usazitaye. Dziwa solofa bwinobwino, phunzira kuwerenga manotsi, ndipo ukafuna kupita patsogolo funsa za Music Crossroads ku Lilongwe kapena maphunziro a zoimbaimba ku University of Malawi ku Zomba.

Tsiku la pulakatisi likakwana, ufike msanga, upereke moni kwa aliyense, uime pamzere wa matenala. Uimbe moti uzimumva mnzako wa pambali pako. Ukatero undilemberenso, ndimve mmene zayendera.